Dziko la mafuta ochuluka chonchi, bwanji amisiri ake ndi obwera?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa zamagetsi pa koleji ya ntchito zamanja kuchigawo cha kummwera. Iye walemba kuti: "Mlamu wanga anakagwirapo ntchito yowotcherera ku Dammam m'dziko la Saudi Arabia. Akuti pamalo pamene ankagwirapo, owotcherera, amagetsi ndi amapaipi onse anali ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh ndi Philippines, eni dziko ankangowaona m'maofesi ndi pageti. Kodi dziko lolemera chonchi lilibe sukulu za ntchito zamanja? Ngati zilipo, omaliza maphunziro amalowera kuti? Nanga ana amene ndikuphunzitsawa angakapezeko mpata?"

Aphunzitsi, sukuluzo zilipo zambirimbiri, ndipo makina amene ali m'mawekishopu mwake ndi oti mphunzitsi wa kuno akawaona angogwira pakamwa. Wophunzira salipira fizi. Boma ndi limene limamupatsa kandalama mwezi ndi mwezi kuti aziphunzira. Komabe alamu anuwo sananame. Kuti zinthu ziwirizi zimveke pamodzi, tituluke kaye kunja kwa mpanda wa sukulu, tikaone zimene mnyamata wa ku Saudi amakumana nazo atanyamula dipuloma yake: malipiro amene akumudikira, ndi munthu amene akulimbirana naye ntchitoyo.

Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'dzikomo muli anthu 32.2 miliyoni. Nzika zinali 18.8 miliyoni, obwera 13.4 miliyoni. Nzikazo zikungoposa pang'ono Amalawi 17.5 miliyoni amene anawerengedwa mu 2018. Ndiye taganizirani Malawi yense, kenako muthiremo alendo 13 miliyoni, ambiri mwa iwo amuna a msinkhu wogwira ntchito amene anasiya mabanja kwawo. Alendo ochuluka chotere sanabwere mwangozi. Mafuta anatumphuka pa chitsime cha nambala 7 ku Dammam komweko mu Malichi 1938, koma ndalama zinasefukira kwenikweni itadutsa 1973, pamene mtengo wa mgolo umodzi unachoka pa madola pafupifupi 3 n'kufika pafupifupi 12 m'miyezi yowerengeka. Boma linafuna misewu, madoko, zipatala, mabwalo a ndege ndi mizinda yatsopano, zonse nthawi imodzi. Inu mukudziwa kuti mmisiri wamagetsi wodalirika satuluka m'chaka chimodzi. Pamafunika zaka za m'kalasi, kenako zaka zina akutsatira mmisiri wamkulu atanyamula bokosi la zida. Ndalama zinalipo, nthawi panalibe, choncho anangoitanitsa amisiri opsa kale kuchokera ku Egypt, Yemen, Pakistan, India, South Korea ndi Philippines.

Za kuphunzitsa nzika sanaziiwale ayi. Mu 1980 boma linasonkhanitsa sukulu za ntchito zamanja pansi pa bungwe limodzi lotchedwa GOTEVOT, ndipo koleji yoyamba ya zaumisiri inatsegulidwa ku Riyadh mu 1983. Bungwelo pano limadziwika kuti TVTC, ndipo lili ndi makoleji a anyamata, makoleji a atsikana ndi sukulu za maluso za msinkhu wa sekondale m'zigawo zonse za dzikolo. Tingati ndi TEVETA yawo, kungoti iwo amayendetsa okha makolejiwo ndipo thumba lawo ndi lakuya.

Tsono tiyeni tikhale pampando wa mnyamata amene wamaliza sekondale ku Riyadh m'zaka za m'ma 1990 kapena 2000. Kutsogolo kwake kuli njira ziwiri. Ina ndi yunivesite, nayonso yaulere, yokhala ndi kandalama kake, yomwe mapeto ake ndi ntchito ya m'boma: kulowa m'mawa, kuweruka cha m'ma hafu pasiti 2 masana, mu ofesi yozizira, malipiro abwino, penshoni, ndiponso osaopa kuchotsedwa. Kuyambira 2005 panabweranso thumba la Mfumu Abdullah lotumiza achinyamata zikwizikwi kumayunivesite a ku America, Britain, Canada ndi Australia. Njira inayo ndi zaka ziwiri za dipuloma ya zamagetsi, kenako kukafunsira ntchito kwa kontirakita, kumene lamulo limalola maola 48 pa sabata, padzuwa loti nthawi yotentha limadutsa madigiri 45. Ndani angasankhe yachiwiriyi ali ndi mphamvu zosankha? Zotsatira zake, kwa zaka zambiri makoleji a zaumisiri ankalandira ana amene yunivesite yawakana, ndipo ngakhale mwa iwowo ambiri ankathamangira makosi a kompyuta ndi a za mu ofesi. Cha m'ma 2015, pa nzika zitatu zilizonse zimene zinali pantchito, pafupifupi ziwiri zinkalandira malipiro kuchokera kuboma.

Kontirakitayo nayenso ali ndi masamu ake. Kuti nzika iwerengedwe ngati wantchito wathunthu m'kaundula wa boma, kuyambira 2021 iyenera kumalandira ndalama zosachepera ma riyal 4,000 pamwezi, omwe ndi madola oposa 1,000 pang'ono, poti dola imodzi ndi ma riyal 3.75. Wobwera wochokera ku Bangladesh kapena Nepal nthawi zambiri amavomera zosafika theka la pamenepa, amagona m'kampu ya kampani, ndipo amafika ali kale ndi zaka zingapo akugwira ntchitoyo. Kuwonjezera apo, dongosolo la kafala linkamumangirira kwa bwana amene anamutengera viza, moti sakanasintha ntchito kapena kutuluka m'dziko popanda chilolezo cha bwanayo. Wantchito wotchipa, waluso, woti sangathawe. Mnyamata wa dipuloma yatsopano, amene mawa akhoza kutsanzika chifukwa boma lamuitana, analibe poyambira. Pamene boma linkakhwimitsa lamulo lokakamiza makampani kulemba ntchito eni dziko mu 2011, nzika zinali pafupifupi mmodzi pa antchito 10 alionse m'makampani omwe si aboma.

Mudzamva anthu akunena kuti Aluya a kumeneko amanyoza ntchito zamanja. Muli choonadi pang'ono. M'miyambo ya mafuko a m'chipululu, ntchito ngati yosula zitsulo inkasiyidwira mabanja amene ankaonedwa otsika, ndipo maganizo oterewa amatulukirabe pa nkhani za ukwati. Koma ine sindiwapatsa mphamvu yaikulu maganizo amenewa, chifukwa cha zimene zinachitika ku Aramco.

Aramco ndi kampani ya mafuta imene inayamba ili m'manja mwa Amereka, boma n'kuitenga yonse pofika 1980. Kuyambira zaka za m'ma 1940 kampaniyi inkaphunzitsa yokha antchito ake ku Dhahran, kuyambira pa kuwerenga, Chingelezi ndi masamu mpaka kukumba zitsime ndi kukonza makina. Sikuti inkachita izi chifukwa cha chifundo chokha. Kubweretsa munthu kuchokera ku Texas kunali kodula, boma linkakakamiza, ndipo antchito eni dziko anachita sitalaka yaikulu mu 1953 podandaula za malipiro, nyumba ndi kusalidwa. Mmodzi mwa ana amene anadutsa m'sukulu za kampaniyi ndi Ali Al-Naimi, amene ali wamng'ono ankaweta nkhosa. Analowa ntchito mu 1947 ali ndi zaka 12 ngati mesenjala wa mu ofesi, kampani inamuphunzitsa mpaka kumutumiza ku America, mu 1984 anakhala nzika yoyamba kutsogolera Aramco, ndipo kuyambira 1995 mpaka 2016 anali nduna ya zamafuta. Mpaka lero kampaniyi imatenga ana omaliza sekondale, kuwaphunzitsa zaka ziwiri kapena kuposerapo akulandira ndalama, n'kuwalowetsa ntchito. Pa antchito ake 10 alionse, pafupifupi 9 ndi nzika, ndipo ambiri mwa iwo amavala ovolosi ndi chisoti, amakwera nsanja, amagwira sipanala usiku. Mafuko ndi omwewo, miyambo ndi yomweyo, koma malo a maphunzirowa amalimbiranidwa koopsa, chifukwa mwana amadziwa kuti kumapeto kuli ntchito ya malipiro okwanira kumanga banja. Alamu anuwo ayenera kuti ankagwira kwa kontirakita. Kumeneko ndi dziko lina, ngakhale mpanda uli umodzi.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Jubail ndi ku Yanbu, mizinda iwiri ya mafakitale imene boma linayamba kumanga mu 1975, wina kugombe la kummawa, wina kugombe la Red Sea. Makoleji a kumeneko anamangidwa pafupi ndi mafakitale oyenga mafuta ndi opanga mankhwala ndi pulasitiki, ndipo ophunzira amakagwira pamakina enieni a mafakitale amene adzawalembe. TVTC itaona zimenezi inayamba kugwirana manja ndi makampani n'kutsegula sukulu zimene mwana amasainirana pangano la ntchito ndi kampani asanayambe n'komwe kalasi. Ku Jeddah kuli sukulu ya umakaniko yotchedwa Saudi Japanese Automobile High Institute, imene inatsegulidwa mu 2002 mothandizana ndi makampani a galimoto a ku Japan ndi ogulitsa galimotozo m'dzikomo. Ku Dammam kuli ya ntchito za pa zitsime za mafuta, ku Riyadh ya zopanga pulasitiki, ku Buraidah ya za njanji. Mu 2022 kampani ya ku Spain ya Renfe, imene imayendetsa nawo sitima yothamanga makilomita 300 pa ola pakati pa Mecca ndi Medina, inalengeza malo 30 a amayi oti aphunzire kuyendetsa sitimayo. Anafunsira amayi 28,000. Kumbukirani kuti m'dziko limeneli mkazi analoledwa kuyendetsa galimoto mu Juni 2018.

Kumene ndalama zinayesa kugula luso popanda ntchito yodikira kumapeto, zinthu sizinayende chimodzimodzi. Mu 2013 boma linayambitsa ndondomeko ya Colleges of Excellence. Linamanga makoleji atsopano okongola n'kuitana masukulu a ku Britain, Canada ndi mayiko ena kuti adzawayendetse, maphunziro onse m'Chingelezi, ndipo malipiro a oyendetsawo ankadalira kuchuluka kwa ana amene akubwera m'kalasi ndi amene akukhoza. Ana ambiri anafika ndi Chingelezi ndi masamu ofooka, moti chaka choyamba chinkathera pa kukonza maziko, ndipo ambiri ankasiyira panjira. Makoleji ena anali m'matauni akutali kopanda mafakitale. Algonquin College ya ku Canada, imene inkayendetsa koleji ya ku Jazan, inalengeza mu 2016 kuti ikuchoka italuza ndalama, ndipo si yokhayo imene inanyamuka. Ena anatsala n'kupitiriza ndithu. Koma kwa ine ndondomekoyi inali ngati kumanga nkhokwe yaikulu munda usanalimidwe.

Boma linagwiritsanso ntchito ndodo. Mu 2011, chaka chimene maboma a ku Tunisia ndi Egypt anagwa achinyamata osowa ntchito atadzaza misewu, Saudi Arabia inayamba kupereka ma riyal 2,000 pamwezi kwa ofuna ntchito, n'kukhazikitsanso dongosolo la Nitaqat. Kampani iliyonse imapatsidwa mtundu malinga ndi kuchuluka kwa nzika zimene yalemba. Yobiriwira imapeza maviza a antchito akunja mosavuta. Yofiira imamanidwa maviza atsopano, ndipo antchito ake akunja amaloledwa kusamukira kwina. Makampani ena anapeza njira yachidule yolemba mayina a nzika m'kaundula, n'kumazipatsa kandalama zili kunyumba, ntchito yeniyeni akugwira obwera omwe aja. Boma limalanga mchitidwewu likaugwira.

Nkhani ya mashopu a mafoni ndi imene imandisangalatsa kwambiri. Mu 2016 boma linalamula kuti pakutha pa miyezi 6, ogulitsa ndi okonza mafoni onse akhale nzika zokhazokha. TVTC inatsegula makosi aafupi aulere a kukonza mafoni ndi kugulitsa, anyamata ndi atsikana analembetsa mwaunyinji. Mashopu ambiri anatsekedwa chifukwa eni ake sanapeze anthu kapena sanathe kulipira malipiro atsopano, ndipo kosi ya milungu yochepa singafanane ndi dzanja la munthu amene wakhala zaka 10 akusungunula mtovu pa bolodi ya foni. Komabe lero mukalowa m'misika ya mafoni ku Riyadh mupeza achinyamata eni dziko ali pa benchi ndi kautsi ka mtovu wosungunula kakufuka. Zinatheka chifukwa ntchitoyo ndi ya m'nyumba yozizira, imafuna mpamba wochepa, ndipo wopikisana naye wotchipa uja anachotsedwa ndi lamulo. Kuchita zomwezo ndi omanga nyumba kapena owotcherera kungaimitse ntchito zomanga m'dziko lonse, ndipo boma likudziwa.

Mtengo wa mafuta utagwa kuchoka pa madola oposa 100 pakati pa 2014 kufika pansi pa 30 mu Januwale 2016, zinaonekeratu kuti boma silingapitirize kulemba ntchito mwana aliyense, makamaka poti pa nzika 100 zilizonse, 63 sizinafike zaka 30, malinga ndi kalembera wa 2022 uja. Mu Epulo 2016 Mohammed bin Salman, mwana wa mfumu ya dzikolo, analengeza masomphenya a Vision 2030, ndipo kuyambira 2017 anayamba kulipiritsa msonkho wa mwezi ndi mwezi pa achibale a obwera, kenako n'kukweza umene makampani amalipira pa wantchito aliyense wakunja. Obwera oposa miliyoni imodzi anachoka m'zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira. Mukanayembekeza kuti nzika zilowa m'malo mwawo, koma mu 2018 ulova pakati pa nzika unali pa 12.9 pa 100 alionse, osatsika. Ntchito zimene obwerawo anasiya zinali zoti nzika singazigwire pa malipiro amenewo. Ulova unadzatsika pambuyo pake mpaka kufika pa 7 pa 100 alionse kumapeto kwa 2024, ndipo amayi amene ali pantchito kapena akufunafuna ntchito anachoka pa osafika 20 kufika pa oposa 30 pa 100 alionse. Ambiri mwa amenewa analowa m'masitolo, m'mahotela, m'mabanki, m'zipatala ndi m'ntchito za makompyuta. Pa malo omanga pakadali obwera, ndipo achuluka chifukwa cha zimene dzikolo likumanga pokonzekera chionetsero cha Expo 2030 ku Riyadh ndi mpikisano wa mpira wa World Cup wa 2034.

Kwa ife kuno, vuto lili mbali ina. Mwana wanu akamaliza ku Soche, Nasawa kapena Namitete salimbirana ntchito ndi mlendo wotchipa, ndipo palibe boma lomudikira ndi mpando wa mu ofesi. Chimene chimasowa ndi makampani okwanira oti amutenge, ngakhale pa atachimenti pomwe. Choncho zambiri za ku Saudi sizingakopedwe. Chimodzi chokha ndi chimene ndingatenge: kuyamba kwa wolemba ntchito, kumufunsa anthu angati akufuna ndiponso a luso lanji, iye n'kulonjeza malo, kenako n'kutsegula kalasi. Olemba ntchito kuno amapereka kale levi ya TEVET, ndiye ali ndi chifukwa chokhalira pa tebulo limenelo. Fakitale ya shuga, esiteti ya tiyi kapena kampani yoika magetsi a dzuwa ikhoza kuchita zimenezi ndi ana 20 okha, ndipo anawo angaphunzire ndi mtima wina.

Tsopano za ana anu ofuna kupita. Mpata ulipo, koma khomo lake likucheperachepera. Kuyambira 2021 Saudi Arabia inayamba kuyesa amisiri akunja isanawalole kugwira ntchito, ndipo ku Pakistan, India, Bangladesh ndi Sri Lanka mayesowo amalembera kwawo konko viza isanatuluke. Maluso oyamba kuyesedwa anali zamagetsi, zamapaipi, zowotcherera, zamafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, ndi magetsi a galimoto. Pali gawo loyankha mafunso pa kompyuta ndi gawo logwira ndi manja. Pa ntchito za mafuta, kampani imadzayesanso payokha. Wowotcherera mapaipi amapatsidwa zidutswa ziwiri za paipi zomangidwa mopendekeka madigiri 45, zosatembenuzika, mayeso amene amisiri amawatcha 6G. Ayenera kuzungulira paipiyo yekha, pansi, m'mbali ndi pamwamba, kenako msokowo amakauunika ndi X-ray. Kabowo kakang'ono m'kati mwa msoko, walephera, kaya satifiketi yake ndi ya Grade 1. Mwana amene wangozolowera mageti ndi mafelemu a mawindo ayenera kuphunziranso.

Poti inu ndinu a zamagetsi, auzeniko ana anu kuti magetsi a kumeneko ndi a 60 Hz pamene athu ndi a 50 Hz. Mota imene kuno imazungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi, kumeneko imathamangira ku 1,800, ndipo pampu kapena fani yolumikizidwa pamenepo imakoka mphamvu yochuluka kuposa mmene munthu angaganizire. Masoketi ndi a mano atatu ngati athu omwewa. M'nyumba zakale mukhoza kupezabe mawaya a 127 V pambali pa a 220 V, choncho mita izikhala m'manja nthawi zonse. Luso la makina oziziritsa ndi limene silisowa ntchito, chifukwa kumeneko nyumba yopanda makinawa sikhalika. Kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Sepitembala lamulo limaletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuchokera 12 koloko masana mpaka 3 koloko, ndipo mwana akalidziwa lamuloli akhoza kudziteteza.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa kuposa zonse ndi ntchito imene yalembedwa pa viza, chifukwa ndi yomweyo imadzalembedwa pa chiphaso chokhalira m'dziko chotchedwa iqama. Mu Malichi 2021 boma linafewetsa kafala, moti wogwira ntchito m'kampani akhoza kusintha bwana akakwanitsa chaka ndiponso kupempha yekha chilolezo chotulukira m'dziko. Kusinthaku sikunakhudze antchito a m'nyumba, oyendetsa galimoto za pabanja, osamalira maluwa, abusa a ziweto ndi ogwira m'minda. Ejenti akauza mnyamata kuti alowe ndi viza ya dalaivala wa pakhomo, za magetsi akakonza akafika, mnyamatayo akhala kunja kwa chitetezo chimenechi, ndiponso akagwidwa akugwira ntchito yosiyana ndi ya pa iqama, wolakwa ndi iyeyo. Aone pangano lolembedwa asanakwere ndege, lokhala ndi dzina la kampani, dzina la ntchito, malipiro m'ma riyal, maola, malo ogona ndi amene adzalipire tikiti yobwerera. Pasipoti ndi yake, ndipo malamulo a dzikolo salola bwana kuisunga.